Njerwa za a Andireya ndi Mtsinje wa Lunkhwakwa

Rosina anapeza mng'alu kuseri kwa uvuni m'mawa, akupita kukatunga madzi. Gombe la Lunkhwakwa linali litayasama, moti phazi lake linalowa mpaka m'kakolo. Anasiya mtsuko pomwepo nathamangira kwa atate ake.

Atate akewo, a Andireya Phiri, ankaumba njerwa kumunsi kwa komboni ya Kapata. Zinali zaka za nkhondo yachiwiri zija, tauni ikutchedwabe Fort Jameson, amasitolo akulimbirana njerwa. Koma za chaka chimenecho sizinali zogulitsa ayi. Nyumba yawo yomata inali itapendekeka, ikungodalira mphanda, ndipo iwo analonjeza mkazi wawo Sesiliya, yemwe anali woyembekezera, kuti mwanayo adzakwawira m'nyumba ya njerwa. Dothi ankakumba m'gombe momwemo, poti ndimo munali labwino. Uvuni unali utasanjidwa, kungotsala nkhuni zootchera.

"Atate, gombe lang'aluka!"

"Ndi dzuwa limenelo, mwanawe. Tenga chingwe, tikagwetse mikuyu ija."

Mikuyu imeneyo ndiyo yokha inatsala pokhotera mtsinje. Mitengo ina pafupifupi yonse, mpaka yakuphiri, inathera kootchera fodya kumafamu a azungu. Nkhwangwa itangolira, anatulukira a Matiyasi, woluka mphasa, amene anamanga moyandikana nawo. Anali msuweni wawo wa a Andireya.

"Kapolo wanga iwe! Wadya gombe, tsopano wayamba mitengo? Mtsinjewu udzakulondola mpaka pogona!"

"Choka apa, mfiti ya bango! Nsanje basi. Bambo wamkulu kumagona m'chisa ngati nkhuku!"

Azimayi ochapa pamtsinje anafa nazo nseko. Paja chisuweni ndi mmene chimakhalira: msuweni atha kukuuza kuti mawa tikuika m'manda, iwe n'kungoseka. Koma Rosina anaona kuti a Matiyasi sanaseke nawo.

"Andireya, apa sindikuchita nthabwala. Mizuyi ndiyo yagwira gombeli. Ndipo nthambizo usazitaye m'madzi, zikatseka pamlatho."

"Mwamva anthuni? Msuweni wanga lero wasanduka mzungu wa misewu!"

Mikuyu inagwa. Zipika zinapita kuuvuni, nthambi zinakankhiridwa mumtsinje. Pobwerera Rosina anayesanso. "Atate, a Matiyasi aja ngati amanenetsa."

"Msuweni sanenetsa, mwanawe. Ukadzaona wasiya kunditukwana, pamenepo ndiye udzaope."

Tsiku loyatsa uvuni, mvula inagwa kuphiri kokha, ku Kapata dzuwa lili phwee. Masana Rosina akuponya nkhuni pamoto anamva mkokomo ngati wa malole ambiri. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Onse anatsika nthawi imodzi, ofiira, atasenza zitsa ndi mapesi. Pamlatho wopita kuboma anapeza nthambi zija zitapingasa, ndiye anabwerera, nadzaza maenje a dothi aja.

"Atate, thawani!"

A Andireya anali akukumba ngalande ndi khasu kuti apatutse madzi. Rosina anawakoka malaya mpaka kung'ambika. Atangosuntha, gombe linagumuka kuyambira pamng'alu paja. Uvuni unafuka nthunzi, unapendekeka, n'kukhala pansi. Njerwa zinali zisanapse, choncho zinasungunuka ngati mchere. Mtsinje unatenga dothi lake, n'kudzitsegulira njira yatsopano pakati pa nyumba za anthu.

Rosina anagwira amayi ake padzanja nakwera nawo pachulu. Ali pamenepo anaona mphanda zikuzuka, denga lawo likuyandama. Kenako inagwa nyumba ya a Matiyasi, mphasa zawo zonse zikupita ndi madzi, mbuzi yomangidwa pachikhomo ikulira mpaka kusowa. Munthu sanafe, koma mabanja ambiri anakagona kutchalitchi, ndipo palibe amene analankhula ndi a Andireya.

Kutacha Rosina ndi atate ake anapeza a Matiyasi akuzula mitengo ya nyumba yawo m'matope. A Andireya anaima pafupi, kudikira. Anakhosomola. Anadikirabe.

"Msuweni, nenatu. Nditukwane. Nditche kapolo, nditche galu."

A Matiyasi anaweramuka, anavula chipewa chawo chonyowa, nati mwaulemu wonse, "Mwadzuka bwanji, a Phiri? Amayi ali bwanji?" Atatero anapitiriza ntchito yawo.

A Andireya anatola khasu, natsetserekera kumtsinje komwe madzi anasiya zitsinde za bango, nayamba kuzibzala pagombe logumuka lija, chimodzichimodzi. Rosina ankawapatsira.

"Kodi ligwira, atate?"

"Bango limafuna nthawi, mwanawe."

Rosina anayang'ana kuphiri. Mitambo inali itayambanso kuda, ndipo kumtunda kwa mtsinje nkhwangwa ya munthu wina inali ikulira.