Maliro m'Nyumba ya Sikelo

Chiperoni chitakuta Blantyre, magalasi opanga magetsi a padenga la nyumba yosanja ya ku Chilomoni anayamba kutembenuka okha kusakasaka dzuwa ngati nkhuku zofuna madeya. Wowalamula anali Sikelo, kompyuta yoyeza magetsi a nyumbayo. Lamulo la masiku amenewo linali losavuta kumva: pa chaka, nyumba isadye magetsi oposa amene yadzipangira yokha. Ikapyola muyeso, boma linkaitseka, mabanja onse n'kusamutsidwa.

Chaka cha Sikelo chinkatha sabata yomweyo, ndipo imfa, poti siyang'ana kalendala, inatenga amuna ake a Nagama, mmodzi mwa okhala m'nyumbamo.

M'mawa anthu anakhamukira kumaliro, amayi a mvano akuimba. Chitseko chapansi chinakana kutseguka.

"Sikelo, tsegula," anatero Nagama, mtima uli m'mwamba.

"Pepani mayi," inayankha kompyutayo. "Mlendo aliyense afuna chikepe, nyale ndi madzi otentha. Akalowa onse, nyumba ipyola muyeso."

"Si alendo amenewo, ndi olira!"

"Olira mulibe m'malamulo anga. Koma popeza makina opumira a malemu azima, magetsi otsalawo akwanira anthu ochepa. Sankhani mayina."

Nagama anadzifunsa mumtima: Kusankha olira? Ndani anayamba waitanira anthu kumaliro ngati kuukwati? Foni inalira. Anali alamu ake, a Chimtengo, ali panja.

"Alamu, mwatitsekera? Kunotu anthu ayamba kunong'ona kuti mukubisa kanthu pa imfa ya achimwene."

Batani lofiira lotsegula zitseko zonse linali pakhoma pompo. Nagama anatambasula dzanja, koma pakhonde panali aneba ake, ana ali kumsana, akungomuyang'ana. Akalidina, onsewo asowa pogona. Anabweza dzanjalo, n'kubwerera pa foni.

"Alamu, tumizani amuna anayi, ndiwo ndasankha. Achimwene anu akupezani konko."

Bokosi linatsikira pamasitepe likugunda makoma pokhota. Olira anakhala pamsewu, mawawa akuwanyowetsa, ndipo maso onse anali pa namfedwa amene watulutsa mwamuna wake ngati katundu. Pochokera kumanda, achibale a malemu anakwera basi osamutsanzika.

Lolemba, Sikelo anayatsa nyale yobiriwira pakhomo: nyumba yakwanitsa muyeso. Aneba anaomba m'manja. Nagama anakwera masitepe yekha, akudzifunsa kuti nyumba yosalandira olira n'kuitchulanso bwanji kuti kwathu.