Munda wa Anyezi wa ku Alamein

Fahmi ananyamuka ku Alexandria mochedwa. Mankhwala anawapeza pasitolo yachinayi, dzuwa litapendeka, sitima ya kuchipululu itapita kale. Anakwera lole ya ufa yopita ku Matruh. Panjira tayala linaphulika. Pomatsika ku Alamein, mwezi unali utatuluka.

"Gonani pasiteshoni, Efendi," anatero dalaivala. "Nsapato zimenezo si za mumchenga."

"Mwana akudwala."

"Wanu?"

Fahmi anazengereza pang'ono. "Wa mkazi wanga."

"Mulungu amuchize," anatero dalaivala uja, n'kuliza injini.

Mwanayo anali Najiya, wa zaka zisanu ndi zitatu. Chibayo chinamugwira masiku anayi apitawo. Wachipatala anamumvetsera pachifuwa, analemba dzina la mankhwala pakapepala, anati: usiku uno, osati mawa. Mapiritsi khumi ndi awiri. Fahmi anawaika m'thumba la malaya, ndipo dzanja lake linkangobwererako.

Iye anali mwana wa m'tauni, wosakhazikika. Anagwirapo ntchito padoko. Anagulitsapo matikiti. Kenako anaphunzira kukonza nyali ndi mbaula za parafini, nabwera nazo kuchipululu kuti akhale sabata imodzi. Kumeneko anakumana ndi Mabruka, mkazi wamasiye wa kwa abusa a nkhosa. Sabata ija inasanduka zaka ziwiri. Abale a mkazi ankamutchabe Efendi, monga amatchulira makalaliki a boma, pomuseka nsapato zake zakuda zopukutidwa. Najiya naye ankamutcha choncho. M'mawa uliwonse ankamuikira kachikumbu m'nsapato, n'kubisala kuseri kwa tenti kudikira kuti akuwe. Fahmi ankakuwa ndithu, ngakhale tsiku limene wakaona kachikumbuko.

Masiku anayi tsopano nsapato zinali zopanda kanthu.

Njira ya kumatenti imayambira pampanda wa manda a asilikali. Fahmi anadutsa mofulumira. Miyala yoyera, mizere mizere, mpaka maso kutopa. Pamene ankamenyana pano n'kuti iye ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mizinga inkamveka mpaka ku Alexandria, mawindo akunjenjemera usiku wonse, amayi ake akuwerenga mikanda ya pemphero. Papita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anthu a kutsidya kwa nyanja. Anakangana kwawo, ndewu n'kudzamenyera pabwalo la eni.

Kupitirira mandawo kunali milu ya miyala, yondandalika kulowera kummwera. Anakumbukira mawu a Awad, malume a Mabruka, m'mawa uja pomuperekeza: "Milu ikhale kudzanja lanu lamanja, Efendi. Lamanja, limene mumadyera."

Anaiika kudzanja lamanja. Anayenda.

Mphepo inali yozizira. Kunali zii. Anayenda mwina theka la ola, akuwerenga mapiritsi ndi chala kunja kwa thumba. Kenako mwendo wa buluku unakodwa. Waya waminga, wadzimbiri. Anawerama kuti aumasule. Patsogolo pake panali dzenje. M'mbali mwa dzenjelo, nthiti za ngamila.

Anadzuka pang'onopang'ono.

Lamanja popita. Pobwerera...

Anali mkati. Mkati mwenimweni mwa malo amene asilikali anakwiriramo mabomba, kumene ngakhale mbuzi saziloleza. Anayang'ana kumbuyo. Mphepo inali itafufuta kale mapazi ake. Anakweza phazi lamanzere kuti abwerere.

"Limenelo musalitsitse."

Mawu a mwamuna. Pafupi. Kumbuyo kwake kumene anali atangoyang'anako!

Fahmi anaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa.

"Libwezeni pamene linali. Eya. Pomwepo."

Munthuyo anazungulira n'kudzaima patsogolo pake. Wamfupi, wosavala nsapato, atafunda chofunda choyera cha ubweya monga amachitira abusa. Makutu aakulu, otuluka m'nduwira.

"Mtendere ukhale nanu," anatero Fahmi.

"Nanunso mtendere, ndi chifundo cha Mulungu."

Mtima unatsikako. Amayi ake ankati chiwanda sichiyankha moni wa Mulungu.

"Mwalowa m'munda wa anyezi, achimwene. Mwapempha kwa eni?"

"Anyezi?"

Munthuyo analoza pansi ndi dzanja lamanzere. Linali ndi zala zitatu. Pamene phazi la Fahmi likanatera panali kachitsulo kozungulira, kongosuzumira mumchenga.

"Ajeremani anabzala. Angerezi anabzala. Ataliyana nawonso. Kukolola anatisiyira ife. Vulani nsapato."

"Pali minga."

"Munga timachotsa ndi singano. Mwendo sitibwezera. Phazi limamva waya lisanamukoke, koma nsapato ndi gonthi. Mangani zingwezo, muzikoleke m'khosi."

Fahmi anavula. Mchenga unali wozizira ngati madzi a m'mtsuko.

"Ndinu ndani, achimwene?"

"Anthu a m'tauni inu. Kuno munthu safunsidwa dzina asanadye nanu masiku atatu. Pondani pamene ndaponda ine."

Anayamba kuyenda. Masitepe asanu ndi limodzi, kukhota. Anayi, kukhota. Mlendoyo ankayenda ngati ali m'tenti mwake, akulankhula osacheuka.

"Mjeremani amabzala ndi chingwe, mzere wake ndi wowongoka. Mngerezi amabzala ngati akuthamangira tiyi. Koma mvula ikagwa, madzi amasuntha zonse. Anyezi amayenda, achimwene. Chaka chino ali apa, chaka chamawa apo."

Fahmi ankayang'ana msana woyerawo.

"Ankadutsa pakhomo pathu penipeni. Ataliyana kulowera kum'mawa, akuimba. Miyezi itatu, kubwerera kumadzulo, osaimba. Kenako Angerezi. Kenako Ajeremani. Uku ndi uku, ngati nkhosa zothawa fisi. Ndinafunsa msilikali wina, kamnyamata ka tsitsi ngati udzu wouma, ndinati mwalimbirana chiyani? Kanati kuli dziko lina lozizira, mkulu wina analifuna, anzake anakana. Ndinati nanga mchenga wangawu walakwa chiyani? Kanandipatsa chitini cha nyama. Kenako malole anabwera, anatitutira kumsasa, kufupi ndi kwanuko. Pobwerera tinapeza nkhondo yatha. Nkhosa ndi zimene zinayamba kudziwa kuti sinathe."

Pondani pamene ndaponda. Fahmi anatsitsa maso kuti aone bwino phazi.

Pamchenga sipankatsala phazi.

Anayang'anitsitsa. Chidendene cha munthuyo chinatera. Chinanyamuka. Mchenga unatsala see, wosalala.

Mwezi unali kumbuyo kwawo. Chithunzithunzi cha Fahmi chinali patsogolo, chachitali, nsapato zikulendewera. Chimodzi chokha...

Fahmi anaima. Anafuna kutchula dzina la Mulungu, lilime linamatirira.

Mlendoyo anaima. Sanacheuke.

"Musayang'ane mchenga. Yang'anani chidendene changa."

Fahmi sanasunthe.

"Mukhoza kuima pomwepo mpaka kuche. Abusa adzakuonani, adzabwera ndi ndodo. Inu mudzapulumuka. Koma mwanayo kupuma kwake kwafupika."

Fahmi anali asanatchule za mwana!

Anagwira thumba la malaya. Mapiritsi analimo. Anayang'ana chidendene chija, chong'aluka ngati cha mbusa aliyense. Anaponda. Anapondanso.

Anayenda choncho mpaka anadutsa chitsime chakale chokwiririka. Pamenepo mlendoyo anafunsa, mawu atatsika:

"Makutu ake ndi otani?"

"A ndani?"

"A mwanayo."

"Aakulu," anatero Fahmi. "Ngati zogwirira za mphika. Amawabisa ndi tsitsi."

Mlendoyo anaseka, mapewa akugwedezeka. Anaseka nthawi yaitali.

"Mayi ake akadathirabe shuga wambiri mu tiyi?"

"Mpaka supuni kuima yokha."

"Mumamukalipira mwanayo?"

"Ine? Amandikalipira ndi iyeyo. Akuti sindidziwa kukama mbuzi."

"Mumadziwa?"

"Ayi."

"Khoterani kuno. Pang'onopang'ono, pali waya." Anadutsa. "Anthu amati simukhalitsa malo amodzi."

"Amanena zoona."

"Nanga kuno?"

"Ndikadali pano."

"Ndaona."

Kutsogolo kunaoneka kuwala kwa nyali. Galu anauwa kamodzi, n'kusiya. Mulu womaliza wa miyala unali pafupi, masitepe khumi.

"Mumve ichi. A mtundu wa mwanayo salola chowawa m'kamwa. Adzalavula. Mutenge nkhuyu youma, muing'ambe, muike m'kati. Musamuuze."

"Tiyeni mukamwe tiyi," anatero Fahmi.

"Wa shuga uja? Mano anga sangapirire. Ine ndithera pano." Anaima pambali pa mulu, napatuka kuti Fahmi adutse. "Fulumirani, bambo a Najiya."

Palibe amene anamutchulapo choncho. Ngakhale Mabruka. Fahmi anadutsa mulu uja, n'kucheuka kuti athokoze.

Mchenga. Mwezi. Basi.

Anathamanga.

M'tenti munali fungo la parafini ndi lubani. Mabruka anali chogwada pambali pa mwana. Awad anakhala pakhomo, mikanda m'manja. Najiya ankapuma ngati kambalame, milomo itauma.

Piritsi loyamba analavula. Linagwera mumchenga. Mabruka analitola, analipukuta, anayesanso ndi madzi. Mwana anakukuta mano, mutu uku ndi uku.

"Make Najiya, nkhuyu zouma zilipo?"

"Nkhuyu? Nthawi ino?"

"Ndipatseni imodzi."

Anatembenuka, anaing'amba ndi chala, anabisamo piritsi. "Najiya. Ndakubweretsera ya ku Alexandria. Ya anthu ovala nsapato okhaokha."

Diso limodzi linatseguka. Kamwa linatseguka. Anatafuna kawiri, anakwinya nkhope, anameza.

Anadikira. Nyali inatha mafuta, Fahmi anathiramo ena. Patapita maola anayi anamupatsa nkhuyu yachiwiri. Kutatsala pang'ono kucha, thukuta linabwera. Linanyowetsa tsitsi, linanyowetsa chofunda. Kupuma kunatalika. Mabruka anaika tsaya pamphumi pa mwana, nakhala choncho, milomo ikuyenda.

Ndi pamene Awad anamuyang'ana bwino Fahmi. Mapazi a magazi. Nsapato zili m'khosi.

"Efendi, mwadzera kuti?"

"Ndinaika milu kudzanja lamanja."

Mikanda inaleka kuyenda. "Pobwera?"

"Pobwera."

"Mumenemo simudutsa munthu. Chaka chatha munafera ngamila ziwiri."

"Wina wandidutsitsa. Mbusa. Anandivulitsa nsapato, akuti ndi gonthi. Akuti ndalowa m'munda wa anyezi."

Mabruka anadzutsa mutu.

"Anati chiyani?"

"Anyezi."

"Dzanja lake lamanzere?"

"Zala zitatu."

Awad anatsitsa maso, nalankhula ngati akuuza mchenga. "Miftah. Zala ziwirizo zinapita ndi bomba loyamba limene anafukula. Sanasiye. Ankafuna kutsegula njira ya kuchitsime chakale, nkhosa zisamafe ludzu. Anazula oposa mazana awiri. Limodzi linali litasunthidwa ndi mvula. Papita zaka zisanu ndi zitatu. Zimene tinapeza tinaziika pansi pa mulu womalizawo."

Fahmi anakhala pansi. Dzina la mwamuna woyamba wa Mabruka ankalidziwa. M'tentimo silinkatchulidwa, ndipo iye sankafunsa.

"Anali wokwiya?" anafunsa Mabruka.

"Ayi. Amaseka. Akuti tiyi wanu amaononga mano."

Mabruka anagwira pakamwa. Sizinadziwike ngati akuseka kapena akulira.

"Wabodza. Ankamwa makapu atatu. Anafunsa chiyani china?"

"Makutu a mwana. Kuti ndi otani."

Mabruka anatambasula dzanja, nachotsa tsitsi lonyowa pakhutu la Najiya. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Sanamuone," anatero. "Anapita ine ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lililonse ankati, Mulungu amupatse makutu a mayi ake."

"Ndamuuza zoona," anatero Fahmi. "Anakondwa."

Kunja nkhosa zinayamba kulira. Awad anadzuka kukasamba kuti apemphere. Pansi pa chofunda panagwedezeka kaphazi.

"Efendi."

Fahmi anawerama. "Ndili pano, mwana wanga."

"Ndikufuna nkhuyu ina." Anapuma pang'ono, maso ali chitsekere. "Koma yopanda chowawa m'kati. Mumayesa sindinadziwe?"