Jombo Zosungira Chipata

Lolemba pa 13 Juni 1994, anzake atathamangira kubwalo la mpira, Maybin Mvula anatsala m'kalasi ndi masamu khumi amene sanalembe. Pansi pa desiki yake panali katoni yomanga ndi luzi. Ankayenda nayo paliponse chifukwa kogona anyamata kunkasowa zinthu.

Amene anamutsekereza anali a Rahimu, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Pakistan. Anali ndi zaka 61, ndipo 19 mwa zakazo anazithera mu Zambia muno. Ntchito yawo inkatha mu Ogasiti. Ankayenda mokoka miyendo, malaya ali mbuu ndi choko, ndipo kukalipa anali atasiya kale. Mwana akalakwa ankangomuyang'ana mpaka aweramitse mutu.

"M'katonimo muli chiyani?" anafunsa motero m'Chichewa chawo chapang'onopang'ono.

"Jombo za mpira, aphunzitsi. Achimwene a Dominiko atumiza kuchokera ku Kitwe."

A Rahimu anatambasula dzanja. Jombozo zinali zakuda, zachikopa cholimba, zikununkhabe shopu. Anakanikiza chitendene chake ndi chala chachikulu koma sichinapindike.

"Wazivala kangati?"

"Kamodzi, poyesa. Ndikusungira Chipata."

Loweruka pa 25 Juni ku Chipata kunali kosankha anyamata a timu ya masukulu a chigawo chonse cha Kum'mawa. Pasukulu pawo ya ku Chadiza anatengapo awiri okha, Maybin ndi mnzake Whiteson. Pa Chadiza onse ankasewera opanda nsapato, koma ku Chipata lamulo linali lakuti wopanda jombo asalowe m'bwalo.

"Kwatsala masiku khumi ndi awiri," anatero a Rahimu. "Uzivale lero. Uime nazo m'beseni la madzi ofunda, kenako uyende mpaka ziume zili kuphazi. Uzipake vaselini. Mawa uthamange nazo."

Maybin anaganiza kuti sanamve bwino. Jombo zatsopano m'madzi? Kwawo ku Zingalume bambo ake anali ndi nsapato zimene zinatha zaka khumi ndi chimodzi. Lamulungu ankazinyamula paphewa njira yonse, n'kukazivalira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi. Chinthu chatsopano chimadikira tsiku lake. Ngakhale kalata ya a Dominiko inanena momveka kuti asaziwonongere pa fumbi la Chadiza.

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha, akumanganso luzi.

Atamuuza Whiteson, mnzakeyo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ndiye ukaziphike ndithu, uthiremo ndi mchere. Madala aja mpira anauonera kuti? Kukwera masitepe a ofesi amapuma kawiri."

Lachitatu a Rahimu anamuitanira ku ofesi ya aphunzitsi. Anatulutsa m'kabati chithunzi chachikasu ndi ukalamba. Panali anyamata khumi ndi mmodzi, ena ataima, ena atagwada. Anaika nsonga ya pensulo pa wachiwiri kumanzere, mnyamata woonda wa maso akuthwa.

"Rahim Dad, wakutsogolo kumanja. Chaka cha 1954."

Maybin anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ananso mdala wa imvi amene anali patsogolo pake. Mphuno inali yomweyo.

"Ndinakulira ku Karachi," anapitiriza a Rahimu. "Tinkasewera opanda nsapato ngati inu, tikungomanga nsalu m'akakolo. Ndili ndi zaka 21 anandisankha kusewerera dziko langa. Ndinasewera katatu. Masewero awiri oyamba ndinagoletsa chigoli chimodzi, mapazi ali pamtunda. Achitatu anali kunja, ndipo kumeneko ankafuna jombo. Anatipatsa tisanakwere sitima yapamadzi. Ulendo unali wa masiku khumi ndi anayi. Anzanga ankayenda nazo m'sitimamo, gogogo, usana wonse, ine ndikuwaseka. Zanga ndinazikulunga m'thaulo."

"Ndiye?"

"Mphindi 31. Khungu la zitendene linachoka. Nthawi imeneyo kunalibe kusintha wosewera, choncho ndinaima m'mbali mwa bwalo mphindi 59 zotsalazo, ndikutsimphina anthu akuona. Sanandiitanenso."

Anabweza chithunzicho m'kabati n'kutseka.

Madzulo a tsikulo Maybin anakatunga madzi ofunda kukhitchini ya sukulu. Anavala jombo, n'kuima pafupi ndi beseni. Dzuwa linkawala pa chikopacho moti ankadziona nkhope. Anaganiza za anyamata a m'tauni ya Chipata amene amanena kuti a ku Chadiza amabwera ndi matope. Anaganiza za a Dominiko pansi pa mgodi. Anakweza phazi limodzi, n'kulibweza. Jombo za 1954 zinali zina, anadziuza yekha. Madziwo anangosamba nawo kumaso.

Pa 25 Juni ananyamuka ndi minibasi yoyamba. Whiteson anali ndi jombo zobwereka kwa wapolisi wina wa paboma, zong'ambika kutsogolo, zosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Za Maybin ndiye zinaimitsa anthu. Wina anafunsa ngati bambo ake ndi nduna.

Mphindi khumi zoyamba anasewera bwino. Anadutsa anthu awiri, n'kupereka mpira umene unatsala pang'ono kubala chigoli. Anaona mmodzi wa osankha akulemba m'buku. Kenaka kuchitendene chakumanja kunayamba kutentha ngati wapondapo khala. Posakhalitsa chakumanzere chinayambanso. Mpira wina unabwera wabwinobwino, wongofuna kuthamangira, koma miyendo inakana. Anakhala pansi n'kuvula jombo. Masokosi anali atamatirira ndi magazi.

"Ndisewera chonchi, a lefali," anatero ataimirira ndi mapazi okha.

"Kuno si kudambo, mphwanga. Vala kapena tuluka."

Anayesa kuvalanso koma phazi silinalowe. Anatuluka. Mnyamata wina wa ku Katete analowa m'malo mwake, ndipo masewero anapitirira ngati palibe chachitika. Pamene ankawerenga maina madzulo, la Whiteson linali lachisanu ndi chinayi. La Maybin panalibe.

Pobwerera Whiteson sanaseke. Anamusiyira mpando wa pawindo.

Lolemba Maybin analowa m'kalasi atavala patapata. Belu lomaliza litalira, anatsalira mwadala.

"Mphindi zingati?" anafunsa a Rahimu, akufufuta bolodi.

"Akuti 23, aphunzitsi."

"Ndiye ndinakuposa ndi zisanu ndi zitatu." Anatsokomola chifukwa cha fumbi la choko, n'kukhala pampando pang'onopang'ono. "Jombozo zili kuti?"

"M'katoni. Sindikufuna n'kuziona komwe."

"Zanga ndinaziponya m'nyanja pobwerera. Ndinkati ndazilanga. Mpira sindinaugundenso, ndipo tsopano papita zaka makumi anayi." Anatsegula kaundula wa kalasi. "Iwe uli giledi 11. Unabadwa mu Marichi 1977. Chaka chamawa mu Juni udzakhala ndi zaka 18, ndipo malire awo ndi 19. Masamu ake ndi amenewo. Pita, ndatopa."

Zilondazo zinatenga masabata atatu kuti zipole.

Lachisanu pa 5 Ogasiti a Rahimu anakweza masutikesi awo awiri pa minibasi ya ku Chipata. Owaperekeza anali ochepa, popeza sukulu inali pakati pa mayeso. Galimoto itadutsa msika n'kuyamba kutsetsereka, kondakitala anatulutsa mutu pawindo n'kuseka.

"Taonani wamisala uyu. Akupita kuchigayo ndi jombo za mpira."

M'mbali mwa msewu Maybin ankathamanga pang'onopang'ono, kathumba ka chimanga cha kukhitchini ya sukulu kali paphewa. Jombo zija zinali zitafiira ndi fumbi, zitachita makwinya pamwamba pa zala, ndipo chingwe chimodzi chinali cha luzi. Ataona minibasi anaima n'kukweza dzanja.

A Rahimu sanabayibitse. Anayang'ana mapaziwo mpaka fumbi litawabisa, kenaka anatsamira pampando n'kutseka maso.

"Mukumudziwa, madala?" anafunsa kondakitala.

"Wakutsogolo kumanja," anayankha a Rahimu. "Mudzamumva chaka chamawa."