Khutu Langa Lamanzere

Basi inachedwa m'mawa umenewo, koma Gogoda sanadandaule. Anali pa benchi la pa siteji, mahedifoni m'makutu, maso atatsinzina, zala zikumenya bondo. Dzinali anamupatsa ndi anzake a ku shopu ya fotokope, chifukwa mnyamatayu sankatha kuona tebulo, chitseko kapena chivundikiro cha makina osachigogoda.

Wina anamugwira paphewa.

"Pepani achimwene, mukudwala?"

Anatsegula maso. Mtsikana wovala gauni loyera la ku famase, sitolo yogulitsa mankhwala, ankamuyang'ana, akudziletsa kuseka.

"Ayi, ndili bwino. Ndikumvera nyimbo."

"Nyimbo yake iti yogwedeza munthu chonchi? Benchi lonse likunjenjemera!"

"Ndi jazi wakale. Simungamukonde. Palibe amamukonda."

Kuseka kuja kunatha. Mtsikanayo anasendera pafupi.

"Jazi? Muli ng'oma?"

"Ng'oma ndiye mwini nkhani."

"Tandibwerekani khutu limodzi."

Abale inu, Gogoda sanachedwe! Anachotsa hedifoni ya kumanzere n'kumupatsa. Basi itafika anakhala mpando umodzi, mitu itagundana chifukwa chingwe chinali chachifupi. Potsika zinadziwika kuti famase ya mtsikanayo ili tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi shopu ya fotokope.

Kodi nthawi yonseyi maso a Gogoda anali kuti?

Kunena zoona, maso ake sankaona anthu. Ankakhala yekha m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya eni ake. Munali bedi, mpando umodzi, ketulo, ndi katoni ya makaseti amene malume ake anamusiyira. Nyimbo za m'makasetimo anazisamutsira m'foni, ndipo oimba ng'oma a m'menemo ndiwo anali anzake.

Anawapatsa mayina akeake. Panali Mdala Waukali, amene akayamba kumenya unkangoti matalala agwa padenga lamalata. Panali Mdala Wanthabwala, amene ankayankha lipenga mongoliseka. Ndiye panali Mdala Wonong'ona, amene sankagwira timitengo koma timatsache ta waya, n'kumakhula chikopa cha ng'oma pang'onopang'ono.

Madala amenewa anamwalira kalekale, kutali, osamudziwa n'komwe. Koma Gogoda akaweruka kuntchito n'kutseka chitseko, ankawapatsa moni mokweza.

Anzake ankati ndi nyimbo za anthu ofuna kugona. Achemwali ake ankati ndi phokoso la mapoto akugwa pa shelefu. Iye anazolowera kumvera yekha, ndipo zinkamuwawa ngakhale sankanena.

Tsopano panapezeka munthu wofunsa!

Masana aliwonse ankakumana pa masitepe a kuseri kwa famase, pafupi ndi makatoni opanda kanthu. "Achimwene" uja anatha, panabwera "iwe".

"Chomwe chikulira kuti tsi-tsi-tsi n'chiyani?"

"Ndi chitsulo chonga chivundikiro cha poto. Chimenecho ndiye chimanyamula nyimbo yonse. Tamvera, sakuthamanga, komanso sakuchedwa."

"Nanga apa wasiyiranji?"

"Sanasiye. Akumupatsa mpata wa lipenga. Woimba ng'oma amakhala kumbuyo, magetsi samuwalira, koma akangoleka, onse akutsogolowo amagwa."

"Tabwereza."

Gogoda ankabwereza, mtsikanayo n'kumanong'ona mawuwo pambuyo pake. Kodi pali mwamuna amene mtima wake sungasungunuke mkazi akamaloweza mawu ake?

Mauthenga anayamba kuuluka kudutsa msewu.

"Wadzuka bwanji, khutu langa lamanzere?"

"Ndadzuka, mphunzitsi wanga wokondedwa. Lero undiuza za mdala uti?"

"Waukali. Koma usaope, ndili pompo."

"Ndi iwe sindiopa kanthu, wapamtima."

Uthenga umenewu Gogoda anauwerenga mpaka makina anadya mapepala a kasitomala, bwana n'kumukalipira. Iye ankangomwetulira ngati wopusa.

Loweruka lina masana mtsikanayo anabwera kuchipinda kuja. Anakhala pa mpando, Gogoda pa bedi. Tsiku limenelo anamuikira Mdala Wonong'ona, amene anali asanamumvetsepo munthu aliyense.

Timatsache tija tinayamba: shii, shii, shii.

"Uyu ndiye umamukonda kwambiri," anatero mtsikanayo. "Nkhope yako yasintha. Chifukwa chiyani?"

Gogoda anayankha motsitsa mawu.

"Amayi atadwala, ine ndi amene ndinkasesa m'nyumba. Ankagona movutika, ndiye akangopeza tulo ndinkaopa kuwadzutsa. Ndinaphunzira kusesa mosakweza tsache, kulikoka pansi pang'onopang'ono, ndikumvetsera kupuma kwawo. Tsiku limene ndinamva mdalayu koyamba ndinalira. Amaimba ngati munthu amene akusesa m'nyumba muli wodwala."

Kenako anapitiriza.

"M'mawa wina ndinasesa chipinda chonse bwinobwino, ndikunyadira kuti sindinawadzutse. Osadziwa kuti anali atapita kale."

Nkhani imeneyi ngakhale achemwali ake sankaidziwa.

Mtsikanayo anasuntha n'kukhala pambali pake. Misozi inali m'masaya, yeniyeni. Anamugwira dzanja.

"Mawu amenewa ndawasunga mumtima. Sudzamveranso wekha nyimbo, ndikulonjeza."

Mawa lake Gogoda anapita kwa achemwali ake akuyenda ngati wakwezedwa pantchito. Anawapeza akusita yunifolomu ya ana.

"Achemwali, mlamu wanu wapezeka."

"Ee? Wamva mapoto aja n'kutsala? Ameneyo ngolimba mtima!" Anaseka mpaka kuika ayironi pansi. "Kwawo wakuonetsa?"

"Ayi, nthawi sinakwane."

"Anzake akukudziwa?"

"Amachita manyazi."

"Nanga lero Lamulungu ali kuti?"

"Lamulungu amakhala wotanganidwa."

Achemwali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwana wa amayi, yenda pang'onopang'ono. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika."

"Inu za ng'oma mukuzidziwira kuti?"

Anaseka onse. Koma pobwerera Gogoda anakumbukira kuti foni ya mtsikana uja imakhala chafufumimba nthawi zonse akakhala limodzi. Anazikankhira kutali. Chikondi chimatseka maso, ndipo iye anachithandiza kutseka.

Patapita masabata, m'shopu munalowa mwamuna wamtali, wa zala zokhakhala, kudzachulukitsa mapepala oitanira anthu. Gogoda anayang'ana pepalalo mtima n'kudumpha. Gulu la jazi, Lamulungu masana, mu holo ya hotela! Pachithunzi panali mwamuna yemweyo, ali kuseri kwa ng'oma.

Makina atayamba kulavula mapepala, zala za Gogoda zinayamba zokha pa chivundikiro. Mlendoyo anamvetsera, kenako anaseka.

"Aa, achimwene! Mukuyankha makinawo? Zimenezo mwazimva kuti?"

"Kwa madala akale."

"Ndiye ndife ana a nyumba imodzi. Mubwere Lamulungu, musalephere."

Chibadwire Gogoda anali asanaonepo jazi ndi maso. Mlendoyo asanafike n'komwe pa msewu, uthenga unali utapita.

"Khutu langa! Lamulungu kuli jazi weniweni, ng'oma zenizeni! Tipite, ndikufuna ndikuone ukumvera."

Yankho linachedwa mpaka nthawi yoweruka.

"Pepa wapamtima, azakhali akudwala, ndikawaona. Nawenso usapite. Ndikufuna tsiku lako loyamba ndidzakhalepo. Undilonjeze."

"Ndalonjeza," analemba Gogoda, mtima ukuwawa.

Lamulungu linafika. Anachapa, anayanika, anapukuta ketulo yoyera kale. Chipinda chinali zii. Anaika Mdala Wanthabwala, koma tsiku limenelo nthabwala zake sizinamuseketse. Ng'oma zenizeni zikulira m'tauni yomweyo, iye n'kumayang'ana khoma?

"Andikhululukira," anadziuza akuvala malaya. "Ndikangomvera pang'ono."

Holo inali yodzaza. Anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Koma mwamuna uja ankaimba, abale! Manja akuchita zina, mapazi akuchita zina, nkhope ili phee. Ankathamangitsa lipenga n'kulisiya, ankanyengerera piyano. Munali ukali, munali nthabwala. Kenako anaika timitengo pansi n'kutola timatsache ta waya.

Shii, shii, shii.

Gogoda anagwira pakamwa. Misozi inatsika yokha. Madala ake sanafe, anali pomwepo m'manja mwa munthu wamoyo! Anatulutsa foni n'kulemba: "Ndalakwa, ndabwera. Ukanakhala pano, khutu langa." Anatumiza.

Nyimbo itatha, woimba ng'omayo anaimirira n'kutenga maikolofoni.

"Ine sindidziwa kulankhula, ndimalankhula ndi manja. Koma lero mundipirire. Pali mkazi amene ndakhala naye pa chibwenzi nthawi yaitali. Tinatsala pang'ono kusiyana, chifukwa ndinkati sakumvetsa ntchito yanga. Ndinkati kwa iye ng'oma ndi phokoso basi."

Anthu anaseka.

"Ndinalakwa. Miyezi yapitayi wandidabwitsa. Anandiuza kuti woimba ng'oma amakhala kumbuyo, magetsi samuwalira, koma akaleka onse amagwa."

Gogoda anawongoka pa mpando.

"Ndiye tsiku lina ndikuyeserera nyimbo mwamvayi, anandiuza za nthawi imene amayi ake ankadwala, iye ali wamng'ono. Akuti ankasesa mosakweza tsache kuopa kuwadzutsa. Anati, umaimba ngati munthu amene akusesa m'nyumba muli wodwala. Abale, ine ndinalira. Tithokoze Mulungu amayiwo anachira, ndi awo akhala kutsogoloko. Wokondedwa, tabwera kuno."

Pa mzere woyamba panaimirira mtsikana wovala diresi lachikasu. Gogoda anali asanalionepo diresilo, koma kayendedweko ankakadziwa ngakhale patali.

Mwamunayo anagwada. Mphete inatuluka. Holo yonse inaphulika ndi kuomba m'manja ndi malikhweru.

"Eya! Ndavomera!"

Gogoda anangotsala pa mpando wake. Kodi ndi maloto? Kodi misozi ija inalinso ya bodza? Pamene anaimirira, anthu anali atayamba kutuluka, ndipo pakhomo panali pothithikana.

"Achimwene a fotokope!"

Dzanja lokhakhala linamugwira paphewa. Woimba ng'oma uja anali akuseka, thukuta lili kamukamu, mkono wina utakumbatira mtsikanayo.

"Mwabweradi! Wokondedwa, awa ndi amene ndinkakuuza aja, amayankha makina a fotokope. Amadziwa madala onse."

Mtsikanayo anayang'ana pansi.

"Muli bwanji, achimwene?"

Achimwene! Gogoda anamva ngati wamenyedwa mbama.

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Tandiuzani zoona," anatero mwamunayo, "poti inu makutu muli nawo. Ndaimba bwanji?"

Apa ndiye panali powawa. Akanakhala woimba wachabechabe, bwenzi Gogoda atamuda n'kupeza popumira. Koma munthu wa manja otere, wa mtima woyera chonchi, ungamude bwanji? Mawu amodzi okha akanagwetsa zonse, ndipo mtsikanayo ankadziwa. Maso ake ankapempha.

"Mwaimba, achimwene," anatero Gogoda. "Madala akanakhalapo, akanakuimirirani."

Mwamunayo anamukumbatira. Anthu ena anamukokera kumbali kuti ajambulitse, ndipo Gogoda anatuluka.

Kunja dzuwa linali likadali lowala. Anadutsa pakati pa magalimoto, osadziwa kumene akupita. Kumbuyo kunamveka nsapato zikuthamanga.

"Gogoda! Taima, chonde!"

Anaima, koma sanatembenuke msanga.

"Ndimafuna ndikuuze. Tsiku lililonse ndimati ndikuuza mawa. Anali pafupi kundisiya, Gogoda, ndinasowa pogwira. Nditakumva pa siteji paja ndinangoti ndiphunzireko pang'ono. Sindinadziwe kuti zifika apa. Sikuti zonse zinali zabodza, ndimakukondanso, koma..."

"Azakhali ali bwanji?"

Mtsikanayo anayamba kulira.

"Usamuuze, ndapota nawe."

"Sindimuuza. Iye sanandilakwire."

Tsopano anatembenuka n'kumuyang'ana. Mawu ake anali otsika.

"Ukanangondipempha, ndikanakuphunzitsa ng'oma zonse popanda kunditchula wapamtima. Ndinali ndi njala ya munthu womvera nane, ndikanavomera. Za Waukali tenga. Za magetsi tenga. Wandidyera masuku pamutu, palibe kanthu. Koma amayi anga, iwe? Unatenga amayi anga n'kukagulira mphete?"

"Ndinangofuna kuti amve zimene ine ndinamva..."

"M'nkhani yakoyo amayi anachira, eti? Ndawaona, avala bwino."

Mtsikanayo anabisa nkhope m'manja, mphete ikuwala pa chala.

"Anga sanachire," anatero Gogoda. "Bwerera, akukudikira."

Anaima pomwepo mpaka diresi lachikasu litalowa m'holo. Kenako anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, pakati pa magalimoto a eni ake, n'kulira amayi ake mokweza, mmene analepherera kulira tsiku la maliro.