Malaya a Pompano

Tsiku limene anakumana koyamba, Telala, mtsikana wosoka zovala, anali atapsa mtima kale. Soketi ya mu shopu mwake inali itaphulika m'mawa, simbi inali yozizira, ndipo mnyamata wokonza magetsi amene anamuuza pafoni kuti "ndikubwera pompano" anatulukira dzuwa litapendeka.

Analowa thukuta lili kamukamu, chikwama cha zida paphewa, foni ili pakhutu.

"Inde bwana, ndili pa njira, ndikufika pompano," anatero pafonipo, n'kudula. "Odi achemwali! Ndinu a soketi aja?"

"Ndine. Ndiye inu ndinu a Pompano aja?"

Mnyamatayo anaseka. "Mwadziwa bwanji? Ndi mmene anthu onse amanditchulira."

"Sindikudabwa," anatero Telala, maso ali pa nsalu.

Pompano anagwada pakhoma n'kuyamba kumasula soketi. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Ali mkati molumikiza mawaya, anamva chinthu chikunjenjemera pashelufu.

"Achemwali, chitini chanu cha mabatani chikulira."

"Ndi foni. Ndikamagwira ntchito imagona mmenemo. Ndimaitulutsa masana ndi poweruka basi."

"Nanga makasitomala?"

"Anazolowera. M'mawa ndimadula nsalu mutu usanatope, kenako ndimasoka, madzulo ndimayeza anthu. Lachitatu masana ndimatseka."

"Kutseka pakati pa sabata? Mwalemera eti?"

"Sindinalemere. Koma ndilibe bwana wondipatsa tchuthi, ndiye ndimadzipatsa ndekha."

Pompano anangopukusa mutu. Mtsikana wotani uyu, wotsekera ndalama m'chitini? Koma atamuyang'ananso, choko chili kukhutu, tepi ili m'khosi, anaona kuti mtima wake wayamba kugunda mwachilendo. Simbi itayamba kutentha, iye sanafune kutuluka.

"Mundisokere malaya," anatero mwadzidzidzi. "Awa lamba wa chikwama wawadya paphewa."

Telala anamuyeza mapewa, chifuwa ndi mikono. Tepi itazungulira pachifuwa, mnyamata wa pakamwa uja anaiwala kupuma.

"Pumani, bambo, mungakomoke," anatero Telala, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira. "Mudzabwere kudzayesa ndisanamalize."

"Ndidzabwera pompa..."

Onse awiri anaphulika kuseka.

Kubwera ankabweradi, koma mongodutsa. Ankaima pakhomo, phazi limodzi mkati, lina kunja, n'kusiya botolo la chakumwa chozizira patebulo, foni n'kulira, iye uyo wapita. Malaya aja, a nsalu yabuluu, anakhala pamsomali ali ndi mapini okhaokha, kudikira mwini wake.

Koma mauthenga okha, ayi ndithu, sankasowa. Telala akatsegula chitini masana ankawapeza atadzaza.

"Kabatani kanga, popanda iwe ndine malaya otseguka pamphepo."

"Dzuwa langa, magetsi onse ndimawakonza, koma amene unayatsa mumtima mwangamu sindikufuna azime."

Telala ankawerenga akuluma mlomo kuti asaseke, n'kuyankha mwachidule: "Wadya koma?" Chikondi chake chinali chotero, chosachuluka mawu. Ndipo tsiku lina anapereka chinthu chimene anali asanapatsepo munthu.

"Lachitatu langa masana ndimakhala ndekha," anamuuza. "Ndikukupatsa iwe."

Pompano anamugwira manja onse awiri. "Ndikulonjeza, Kabatani kanga, Lachitatu lililonse ndi lako! Ngakhale tauni yonse itazima, ine ndidzakhala pano."

Lonjezo lokoma bwanji! Lachitatu loyamba anabweradi, koma foni inalira asanamalize chakumwa. Lachitatu lachiwiri anafika mithunzi itatalika. Lotsatira unangofika uthenga: "Kabatani kanga, ndili pa njira, ndikufika pompano."

"Bwanji osawauza kuti lero sutha?" anamufunsa Telala tsiku lina.

Nkhope ya Pompano inasintha. "Iwe sukudziwa. Ndinakhalapo mwezi wathunthu foni iyi osalira. Njala ndikuidziwa ine. Kasitomala ukamukana lero, mawa aitana wina."

Telala anamumvera chisoni, n'kumukhululukira. Nanga munthu wogwira ntchito molimbika chonchi ungamude? Si woledzera, si wa akazi. Anangodziuza kuti zidzasintha.

Kenako mayi ake a Telala anaimba foni. Anali atamva za mnyamata wa magetsi, ndipo ankafuna kumuona ndi maso awo. Telala anasankha Lachitatu, n'kumuuza Pompano sabata isanayambe.

"Lolemba ndi Lachiwiri uthamange mmene ungathere," anatero. "Koma Lachitatu masana usalonjeze munthu aliyense. Amayi akuchokera kutali, ndipo abwerera tsiku lomwelo."

"Pa amayi? Ndingachedwe pa amayi ine? Ndidzavala malaya atsopano aja, adzaone mkono wa mwana wawo!"

Mayi anafika ndi basi ya m'mawa atavala diresi lawo la ku tchalitchi. Telala anasesa ulusi pansi, anachotsa nsalu pabenchi ya makasitomala, n'kuwakhazika pamenepo. Foni tsiku limenelo sinalowe m'chitini, inali patebulo poonekera.

Anacheza za kunyumba, za mwendo wa bambo, za mlongo wake amene sakufuna sukulu. Nkhani zinatha. Mayi anayamba kusanja mabatani a m'chitini potengera mitundu, maso akuponya kukhomo. Tiyi anazizira m'makapu.

Foni inanjenjemera.

"Ndi iyeyo!" anatero Telala nkhope itawala. "Imvani, Amayi, ndikuwerengereni." Ndipo anawerenga mokweza, asanaone bwinobwino: "Bwana, ndili pa njira, ndikufika pompa..."

Anawerenganso chamumtima. Bwana?

Nthawi yomweyo unalowa uthenga wina: "Kabatani kanga, ndili pa njira, ndikufika pompano."

Telala anayang'ana mauthenga awiriwo, umodzi pamwamba pa unzake. Anabwerera m'mbuyo, ku Lachitatu lapita, ndi linzake. Mawu ake anali omwewo, osasintha ngakhale kamodzi. Pompano anali ndi uthenga umodzi wosunga mufoni, wotumizira aliyense amene wamudikiritsa. Kwa Telala ankangosintha dzina la kumayambiriro, ndipo lero, pothamanga, anaiwala kusintha.

Ngati zimenezo zinali zosakwana, mayi wa saluni yoyandikana nayo anasuzumira pakhomo, foni ili m'manja.

"Mnzanga, bwenzi lakoli lili kuti? Makina anga oumitsira tsitsi afa, ndipo wandilembera kuti ali pa njira, akufika pompano."

Telala analengeza misozi m'maso, manyazi atamugwira mpaka kumapazi.

Mayi anatseka chitini mofatsa n'kutenga kachikwama kawo.

"Mwana wanga, basi indisiya. Mnyamatayu sindinamuone, ndiye sindinena kuti ndi woipa. Mwina ndi wabwino ndithu. Kungoti tsiku lake wagawira anthu onse, iwe n'kukusiyira makombo. Udzifunse ngati ungakhute nawo moyo wako wonse."

Telala anawaperekeza kudepoti, ndipo pobwerera analira njira yonse.

Pompano anatulukira m'mawa mwake, maso ali ofiira.

"Kabatani kanga, ndimvere kaye. Anandiitana bwana wina wa nyumba zambiri za lendi. Ntchito yaikulu! Ndinkati ndingoyang'ana pang'ono..."

"Musanditchule choncho," anatero Telala, lumo lili m'manja. "Dzulo munanditchula dzina langa lenileni. Bwana."

"Chala chinangoterereka!"

"Chala sichinalakwe. Chinangondionetsa mzere umene ndaimapo. Ndipo pamzerepo ine ndili kumapeto, chifukwa ndine ndekha amene mukachedwa sindiopseza kuti ndiitana wina."

"Koma zonsezi ndikuvutikira ife! Tsogolo lathu!"

"Ndinakupemphani ndalama ine? Makina awa amandidyetsa. Ndinakupemphani masana amodzi. Amayi anakhala pabenchi apo ndi diresi la ku tchalitchi, kusanja mabatani."

Pompano anatsegula pakamwa, ndipo foni inalira m'thumba mwake. Dzanja linapita lokha kuthumbako, ngati mmene limapitira poyabwa. Telala analiona.

"Yankhani," anatero motsitsa mawu. "Akukudikirani."

Mu shopu imeneyo munali lamulo: chovala chimene mwini wake sabwera kudzatenga chimapachikidwa pakhomo, ogula agule. Telala anachotsa mapini m'malaya abuluu aja, anawasoka potsata muyeso wa tsiku loyamba lija, anawasita, n'kuwapachika pakhomo.

Masabata anadutsa. Chitini chinkalirabe, koma mauthenga a Kabatani analekeka. Bambo wina wodutsa anawagwira malayawo, n'kufunsa mtengo.

"Agulidwa kale," anayankha Telala mwachangu.

Mayi wa saluni, amene anali pakhomo pake, anaseka chamumtima. "Agulidwa ndi ndani, mnzanga? Bwanji nanga akugonabe pakhomo?"

"Inu samalani tsitsi la anthu," anatero Telala, makutu akutentha.

Nayenso Pompano zinthu sizinamuyendere. Bwana wa nyumba za lendi uja, yemwe anamuthamangira n'kusiya amayi pabenchi, anamutaya sabata yomweyo n'kuitana wina. Chifukwa chake? Kuchedwa komweko! Tsiku lina Pompano anakhala pachikwama chake cha zida kutsidya kwa msewu, akuyang'ana malaya ake akugwedezeka ndi mphepo. Anaona mayi wina akulowa ndi nsalu, anaona Telala akupukusa mutu n'kuwerenga masiku ndi zala. Anadikira kuti mayiyo atuluke ndi nsalu yake mokwiya. Koma mayiyo anatuluka chimanjamanja, akuseka. Wakanidwa lero, wapatsidwa tsiku lenileni, ndipo wasiya nsalu!

Pamenepo foni inalira. Pompano anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyankha.

"Bwana, lero sinditha. Mawa m'mawa ndiyambira kwanu."

Mawuwo anamuwawa potuluka ngati dzino. Kasitomalayo anati, "Chabwino, bola ufikedi." Ndipo anafikadi. Uthenga wosunga uja anaufufuta. Anayamba kulandira ntchito zokhazo zimene tsiku lingakwane, za dera limodzi tsiku limodzi. Makasitomala ena anamuthawadi, sitikana. Koma otsalawo anayamba kuuza anzawo kuti mnyamata uja masiku ano akati abwera, amabwera.

Lachitatu lina masana, Telala akutsitsa malaya pakhomo kuti atseke, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Odi achemwali. Ndamva kuti malayawo agulidwa kale."

Mtima wa Telala unadumpha, koma nkhope anaiumitsa. "Mwabwera kudzatani? Soketi ili bwino."

Pompano sanalonjeze kanthu. Anangotulutsa foni n'kumupatsa. "Iikeni m'chitini. Masana ano ndilibe kopita."

Telala anailandira, anaiponya pakati pa mabatani, anatseka chitseko ndi loko, n'kumuyang'ana m'maso.

"Khalani pakhonde pompa," anatero. "Ndikubwera pompano."

Ndipo anapita. Anakagula ulusi, anakaona mnzake amene anali ndi khanda, anakhala kumeneko mpaka khandalo linagona n'kudzukanso. Ankaseka ndi mnzakeyo, koma mtima unali pakhonde paja. Akhalapo? Munthu amene sanakhalepo pansi chibadwire? Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono, chifukwa ankadziwa kuti akapeza pakhonde palibe munthu, ndiye kuti zatheratu.

Atakhota pakona, dzuwa litatsala pang'ono kulowa, anamuona. Anali pomwepo, atatsamira chitseko, manja ali pamaondo. Mayi wa saluni anali atamubwereka mpando, iye n'kuukana.

"Simunapite?"

"Ndamva mmene zimawawira," anatero Pompano, akudzuka mwapang'onopang'ono. "Masana amodzi okha, koma ndimangoti mwina sabweranso. Iwe unapirira kangati? Ndi amayi omwe! Pepa, Kabatani kanga. Pepa kwambiri."

Telala anatembenukira kuloko kuti misozi isaoneke. Kiyi anavuta kulowa.

Mkati anamupatsa malaya aja. Pompano anawavala, ndipo anangoti lende m'mapewa, mikono n'kumeza zala. Muyeso unali wa tsiku loyamba, koma munthu wake anali atatha ndi kuthamanga.

"Taona mmene wawondera," anatero Telala. "Wangotsala ngati waya. Ndiyenera kuwabweza m'mbali monsemu."

Analuma mapini n'kuyamba kutsina nsalu paphewa. Pashelufu, chitini chinayamba kulira, mabatani akugwedezeka. Telala anaimitsa dzanja n'kudikira. Pompano sanatembenuke n'komwe.

"Chitini chikulira," anatero Telala.

"Chisiye chilire."

"Ima bwinobwino tsono, ndingakubaye. Zitenga nthawi izi."

"Tenga yonse."

Telala anabaya pini yomaliza pakolala, dzanja lake n'kutsalira pomwepo, pamene mtima unkagunda.

"Amayi abweranso Lachitatu likubwerali," anatero chapansipansi. "Ndiwauze kuti ufika nthawi yanji?"

"Usawauze nthawi," anayankha Pompano. "Uwauze kuti adzandipeza ndafika kale."