Otília Atseka Ngalande

Otília ankafuna kukhala ngwazi. Osati ngwazi wamba. Ankafuna kukhala ngwazi ya m'filimu, yopulumutsa anthu.

Anali ndi nsalu yofiira ya kapulana. Ankaimanga pakhosi. Akathamanga, nsaluyo inkauluka kumbuyo. Koma munthu woti n'kumupulumutsa panalibe. Anayesa kupulumutsa nkhuku. Nkhukuzo zinamuthawa.

Loweruka linafika. Ku Domwe kunali filimu yatsopano. Otília ndi mnzake Argentina anauyatsa ulendo. Anathamanga, akuseka. Anathamanga m'mbali mwa ngalande.

Ngalandeyo imapereka madzi kuminda. Mabanja amagawana madziwo. Banja lililonse lili ndi tsiku lake. Tsikuli linali la banja la Otília. Bambo ake anali kumunda, kumunsi kwa phiri. Ankadikira madzi. Mbatatesi zawo zinali zitafota. Zikanapanda kumwa tsikulo, zikanauma.

Mwadzidzidzi Otília anaima. Ng'ombe zinali zitaponda khoma la ngalande. Khomalo linagumuka. Madzi onse ankathawira kutchire.

"Argentina, thamanga ukaitane ababa," anatero Otília.

"Nanga filimu?" anafunsa Argentina.

"Iyambe yokha. Thamanga!"

Argentina analiyatsa liwiro. Otília anatsala yekha.

Anaika dothi pogumukapo. Madzi anakokolola dothilo. Anaika miyala. Madzi anadutsa pakati pa miyalayo. Madzi amenewa analibe ulemu.

Otília anachita mantha. "Ndine mwana chabe," anatero. Kenako anapuma mpweya wambiri. "Koma ndingathe. Ndingathe ndithu."

Anagwira kapulana yake. Mtima unamupweteka. Ankaikonda kwambiri nsalu imeneyi. Komabe anaimasula. Anaikamo dothi. Anaikamo udzu. Anaikamo miyala. Anamanga mfundo yolimba. Anakankhira mtolowo pogumuka paja. Ndipo anaukhalira!

Madzi anamumenya kumsana. Anali ozizira ngati matalala. Mano a Otília anayamba kugwedezeka. Koma sanasunthe.

Chapatali nyimbo ya filimu inamveka. Filimu inali itayamba. Msozi umodzi unatsika. Otília anaupukuta ndi dzanja lamatope. Koma sanasunthe.

Madzi anazungulira. Anasowa pothawira. Kenako anatsata ngalande, kulowera kumunda.

Bambo ake anafika ndi khasu. Argentina anali pambuyo, ali wefuwefu. Bambowo anakumba msanga. Anaunjika dothi lambiri. Khoma linalimba.

"Mwanangu, nsalu yako yakwiririka," anatero bambo. "Ndikaichotsa, khoma ligumukanso."

Otília anayang'ana dothilo. Kansonga kofiira kokha ndi kamene kankaoneka.

"Isiyeni, ababa," anayankha. "Ikugwira ntchito."

Bambo anavula jekete lawo. Anamufunditsa Otília. Manja a jeketelo anafika m'maondo. Argentina anaseka. Otília nayenso anaseka.

Onse atatu anathamangira kumunda. Anathamanga pa mpikisano ndi madzi. Madzi ndi amene anapambana.

Otília anawerenga mizere mokweza. "Mzere woyamba wamwa. Wachiwiri wamwa. Wachitatu wamwa."

Anawerenga mpaka kumapeto kwa munda. Dzuwa lisanalowe, mzere womaliza unamwa.

Bambo anagwada. Anagwira manja ozizira a Otília. Anawafumbata m'manja mwawo.

"Mbatatesi zonsezi zamwa chifukwa cha iwe," anatero.

Otília ankanjenjemerabe. Koma chimwemwe chinali chodzaza tsaya.