Makina Amodzi, Tinyama Tiwiri

Makina oziziritsa chipinda cha tinyama anafa masana, dzuwa likuswa mtengo. Amayi ake a Kamlomo, amene ankasamalira chipindacho kumalo osungirako nyama, anathamanga kukaitana wokonza. Kamlomo, mtsikana wapasukulu, anatsala ndi kope lake, poti kusukulu anamuuza kuti afananitse nyama ziwiri zimene zatsala pang'ono kutheratu padziko.

Zonse ziwiri zinali pamaso pake, m'mabokosi agalasi. M'bokosi lina munali chule wapoizoni, wofiira psuu, wodzionetsera ngati mkwatibwi. M'linalo munali salamanda, kanyama konga buluzi koma konyowa khungu, kamene kankangobisala pansi pa mwala.

Abwana a pamalopo analowa ndi antchito awiri atanyamula timakina tina toziziritsa, tokwanira bokosi limodzi lokha.

"Iwe Kamlomo, poti susowa chonena, anzako amabwera kudzaona chiti apa?"

"Chuleyo, bwana! Winayu amamuona ndani? Angokhala ngati kasanza konyowa."

Abwana anaseka, nalamula kuti makinawo amangidwe pa bokosi la chule. Atatuluka onse, Kamlomo anayamba kukopera timapepala timene amayi ake anamata pagalasi. Chule kwawo n'kunkhalango yotentha. Salamanda kwawo n'kutimitsinje tozizira ta m'mapiri, ndipo kutentha kumamupha. Apo anazindikira kuti makinawo ali pa bokosi lolakwika.

Anathamangira ku ofesi, koma mlonda anamuimitsa pakhomo.

"Ali ndi alendo, mwanawe. Udikire."

"Koma salamanda akufa, amalume!"

"Ndati udikire."

Anabwerera n'kuyesa kumasula makinawo, koma anali omangidwa ndi mabawuti. Anaimbira amayi ake, foni inangolira m'chikwama chimene anachisiya pampando. Anaviika thawulo n'kufunditsa bokosi la salamanda, koma madzi apampopi nawo anali ofunda. Anasowa mtengo wogwira, anangokhala pansi n'kumayang'ana salamanda akutuluka pansi pa mwala, akudzikoka, kukamwa yasa.

Pamene amayi ake ankafika ndi wokonza uja, kanyamako kanali katasiya kupuma. Abwana nawo anatulukira.

"Makinawa anawaika apa ndani?" anafunsa amayiwo.

"Ndinafunsa mwana wanuyu."

"Munafunsa mwana? Kapepala kali pagalasipa simunakaone?"

Abwana anayang'ana kumbali. Kamlomo anagwira chovala cha amayi ake, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndine, amayi. Nanenso ndinawerenga nditayankha kale."

Amayiwo sanamukalipire. Anamupatsa kansalu koyera, ndipo awiriwo anakulunga kanyamako mosamala.